Kodi Wolandira Ndalama za Ulumali Aziitanitsa Mkazi Wake Kuchokera Kunja?

M'malamulo a ku Canada oyendetsera za anthu olowa m'dzikolo muli chiganizo chachifupi chimene chimagawa osauka pawiri. Chili m'ndime 133 ya malamulo amene anayamba kugwira ntchito mu June 2002, ndipo chimati munthu amene akulandira chithandizo cha ndalama ku boma sangaitanitse wachibale wake kuchokera kunja kuti adzakhazikike m'dzikolo, pokhapokha ngati akulandira chithandizocho chifukwa cha ulumali. Motero anthu awiri okhala moyandikana ku Toronto, onse odalira boma pa chakudya ndi lendi, akhoza kuyankhidwa mosiyana. Amene ntchito inamuthera n'kuyamba kulandira za Ontario Works adzauzidwa kuti ayambe wapeza ntchito kaye. Amene akulandira za Ontario Disability Support Program, yomwe anthu amangoti ODSP, akhoza kulemba mafomu lero lomwe n'kuitanitsa mkazi kapena mwamuna wake kuchokera ku Manila, ku Lagos kapena ku Lilongwe. N'chimodzimodzinso wolandira ndalama za ulumali za AISH ku Alberta, ndi wolandira thandizo la aulumali ku British Columbia.

Pofuna kuitanitsa makolo kapena agogo, boma limafuna umboni wa ndalama zimene munthu wapeza m'zaka zitatu, zoposa mlingo wa opeza zochepa ndi 30 peresenti, ndipo woitanitsayo amasainira kuti adzawasamala zaka 20. Pa mkazi kapena mwamuna palibe mlingo wa malipiro umene unaikidwa, kupatula ngati wobwerayo ali ndi mwana womudalira amene nayenso ali ndi mwana wake. Chimene chilipo ndi pangano losainira. Kwa zaka zitatu kuchokera tsiku limene wobwerayo walandira chilolezo chokhazikika, womuitanitsa ndiye wompezera chakudya, zovala, pogona, ngakhalenso chithandizo cha mano ndi maso chimene boma sililipira. Wobwerayo akakapempha chithandizo ku boma zaka zitatuzo zisanathe, ndalama iliyonse imene wapatsidwa imasanduka ngongole ya amene anamuitanitsa. Ukwati uthe, mkazi asamuke, mwamuna adwale, panganolo limakhalabe lamoyo.

Mkangano umayambira pa pangano limeneli.

Otsutsa amati lonjezo limakhala ndi phindu ngati wolonjezayo ali ndi pogwira. Mu July 2025, munthu wokhala yekha wa pa ODSP ankalandira zosapitirira $1,408 pa mwezi, ndipo mwa zimenezi $599 zokha ndizo zinali za nyumba. Ku Toronto, nyumba ya chipinda chimodzi chogona nthawi zambiri imadutsa $2,000 pa mwezi. Tsono munthu amene boma lomwelo lavomereza kuti sangathe kudzidyetsa ndi mphamvu zake, adzadyetsa bwanji wachiwiri? Kwa otsutsawa, pepala limene munthu wotere amasainira ndi mwambo chabe. Zinthu zikavuta, ndalama zothandizira wobwerayo zidzachokera kwa okhoma msonkho, ndipo ndalama zobwezera ngongoleyo, ngati zingabwezedwe n'komwe, zidzachokera m'thumba la munthu amene akudyetsedwa ndi okhoma msonkho omwewo. Boma limakhala likudzikongoza lokha kudzera mwa munthu wosauka.

Ndipo ngongole imeneyi si yoopsezera chabe. Mu June 2011, khoti lalikulu kwambiri la Canada linagamula mlandu wotchedwa Mavi, umene anabweretsa anthu asanu ndi atatu a ku Ontario omwe anaitanitsa abale awo kenako n'kulandira makalata a ngongole. Ena mwa iwo maukwati awo anali atatha ndipo ankati sankadziwa n'komwe kuti amene anawaitanitsa akulandira ndalama ku boma. Khoti linati boma liyenera kumudziwitsa munthu za ngongoleyo, kumumvetsera, ndi kuganizira mavuto ake, ndipo likhoza kuimika kaye katoleredwe kake, koma lilibe mphamvu yongoikhululukira. Walira mvula walira matope. Otsutsa amafunsa ngati ndi chifundo kulola munthu wopeza $1,408 pa mwezi kulowa m'pangano limene lingamusiye ndi ngongole ya madola zikwizikwi.

Pali gulu linanso la otsutsa limene limabwerera mbali ina. Ilo silidandaula kuti aulumali aloledwa, koma kuti ena akanizidwa. Wa pa Ontario Works wokhala yekha amalandira $733 pa mwezi, ndalama zimene sizinasinthe kuyambira 2018. Ndi wosaukitsitsa kuposa wa pa ODSP, ndipo naye amamukumbukira mkazi wake usiku. Nanga umphawi wake wasiyana pati ndi wa mnzakeyo?

Funso limeneli ndi limene ovomereza lamuloli amaliyankha bwino koposa. Kusowa ntchito kumatha. Munthu wa pa Ontario Works akapeza ntchito mwezi wamawa, khomo latseguka, ndipo chimene wataya ndi nthawi. Munthu amene anavulala msana n'kukhala pa njinga ya olumala, kapena amene ali ndi matenda a mitsempha omwe amangokulirakulira, sadzafika tsiku lochoka pa chithandizo. Kumuuza kuti adikire mpaka adzaleke kulandira ndalama za ulumali ndi kumuuza mwaulemu kuti sadzakhala ndi mkazi wake m'dziko lake lobadwira mpaka imfa. Ndime 15 ya Charter, yomwe ndi gawo la malamulo aakulu a dzikolo lonena za ufulu wa anthu, inayamba kugwira ntchito mu 1985 ndipo imatchula ulumali wa m'thupi ndi wa m'maganizo pa zifukwa zimene boma siliyenera kusalira munthu. Mu 2010 Canada inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, limene ndime yake 23 imanena za ufulu wokwatira ndi kumanga banja. Lamulo la za olowa m'dziko nalonso, pofotokoza zolinga zake, limatchula kubwezeretsa mabanja pamodzi.

Ovomereza amakumbutsanso kumene dzikoli likuchokera, ndipo mbiri yake si yokoma. Lamulo la 1910 linkakaniza kulowa m'dziko anthu akhunyu ndi odwala maganizo, pamene osaona ndi osalankhula ankaloledwa pokhapokha atasonyeza ndalama, luso lodzidyetsera, kapena abale owaimirira. Ku Alberta, kuyambira 1928 mpaka 1972, kunali lamulo lolola boma kutseketsa anthu amene linkawaona kuti ndi operewera nzeru kuti asabereke, ndipo anthu oposa 2,800 anachitidwa zimenezi. Leilani Muir, amene anatseketsedwa ali mtsikana pa sukulu ya boma ku Red Deer osauzidwa chimene akumuchita, anasumira boma la chigawocho n'kupambana mu 1996. Kwa amene amaidziwa mbiri imeneyi, boma likayamba kufunsa ngati munthu waulumali ali woyenera kukhala ndi banja, khutu limaima.

Amawonjezanso mfundo yosavuta kumva. Munthu wa pa ODSP akakwatira mkazi wa ku Hamilton kapena ku Ottawa, palibe ofesala amene amamufunsa kuti amudyetsa chiyani. Funsoli limabuka pokhapokha mkaziyo akakhala wakunja.

Koma mfundo imene imafooketsa kwambiri nkhawa ya okhoma msonkho ndi yakuti ndime 133 si chipata chokhacho. Pali ndime 39 ya lamulo lalikulu la za olowa m'dziko, imene imati mlendo amene sangathe kapena sakufuna kudzisamala, ndipo sanamukhutiritse ofesala kuti pali dongosolo lomusamalira losadalira chithandizo cha boma, saloledwa kulowa. Choncho woitanitsa waulumali amaloledwa kulemba mafomu, koma wobwerayo amayenera kusonyeza kuti adzadya chiyani. Mabanja amene amakonzekera bwino amatumiza mapepala a sukulu ndi a ntchito a wobwerayo, umboni wa ndalama zimene anasunga, kalata ya wolemba ntchito amene akumudikira, ndi makalata a abale olonjeza pogona kapena thandizo la mwezi ndi mwezi. Ofesala akapanda kukhutira amakana. Amene analembera mkazi wake ali kunja akhoza kuchita apilo ku Immigration Appeal Division. Amene analemba kudzera m'njira ya okhala kale limodzi m'dzikomo alibe mwayi umenewo, amangotsala ndi kupempha khoti la Federal Court kuti liunike ngati ofesala anatsata malamulo.

Otsutsa akamawerengera amakonda kuiwala kuti wobwerayo si mwana. Nthawi zambiri ndi munthu wamkulu wa mphamvu zake, amene akangotsika ndege ndi chilolezo chokhazikika ali ndi ufulu wogwira ntchito iliyonse. Amene ali kale m'dzikomo akudikira yankho, kuyambira December 2014 akhoza kupempha chilolezo chogwirira ntchito kwa bwana aliyense. Pakhomo pamene panali munthu mmodzi wodalira boma pamakhala tsopano wina wolandira malipiro ndi kukhoma msonkho. Kuchuluka kwa anthu nakonso sikoopsa monga mmene ena amakunenera. M'ndondomeko imene boma linalengeza mu October 2024, mwa anthu 395,000 oyenera kulandira chilolezo chokhazikika mu 2025, malo a akazi, amuna ndi ana oitanidwa anali 70,000, ndipo oitanidwa ndi anthu olandira ndalama za ulumali ndi kagawo chabe ka amenewa.

Maiko ena awiri amene anthu amakonda kuwayerekeza ndi Canada anasankha njira zosiyana, ndipo kuziona kumathandiza kumvetsa chimene chikukanganidwa.

Ku Britain, komwe kuli Amalawi, anthu a ku Zambia ndi a ku Zimbabwe ambiri amene nkhaniyi imawakhudza mwachindunji, boma linaika mlingo wa malipiro mu July 2012: woitanitsa mkazi kapena mwamuna azipeza £18,600 pa chaka. Khoti lalikulu la kumeneko linati mu February 2017 mlingowo pawokha sukuphwanya malamulo. Mu April 2024 unakwera kufika pa £29,000, ndalama zimene ambiri ogwira ntchito yosamalira okalamba sazifikira. Koma munthu wolandira thandizo la aulumali kapena la owasamalira, monga Personal Independence Payment, Disability Living Allowance, Attendance Allowance kapena Carer's Allowance sawerengeredwa mlingo umenewu. Iye amangoyenera kusonyeza kuti akachotsa lendi ndi msonkho wa khonsolo pa ndalama zonse zolowa pakhomo, zotsala sizichepera zimene banja la anthu ochuluka chimodzimodzi lingalandire pa Income Support, zomwe kwa anthu awiri zinali pafupifupi £145 pa sabata mu 2025. Zotsatira zake n'zakuti munthu waulumali akhoza kupambana pamene wogwira ntchito ya £25,000 pa chaka walephera, ndipo otsutsa a kumeneko amaloza pomwepo. Komabe chipatacho si chaulere. Viza yokha imadutsa £1,800, msonkho wa zachipatala ndi £1,035 pa chaka kuyambira February 2024, wochokera ku Malawi amayenera kupimidwa chifuwa chachikulu ndi kulemba mayeso a Chingelezi, ndipo wobwerayo amakhala zaka zisanu asakuloledwa kulandira ndalama za chithandizo cha boma. Munthu wodalira ndalama za ulumali amene wakwanitsa kusonkhanitsa zonsezi wasonyeza kale khama limene pepala losainira silingasonyeze.

Ku United States zinthu n'zouma. Woitanitsa amasainira fomu ya I-864 ndipo amayenera kupeza ndalama zokwana 125 peresenti ya mlingo wa umphawi, zomwe kwa banja la anthu awiri zinali $26,437 pa chaka mu 2025 m'zigawo zambiri. Ndalama za SSDI, zimene munthu amalandira chifukwa anagwirapo ntchito n'kumasonkha, zimawerengedwa. Za SSI, zomwe ndi za aulumali ndi okalamba osauka, siziwerengedwa, ndipo ngakhale zikanawerengedwa, $967 pa mwezi sizikanafika ngakhale theka la mlingowo. Chimene chimapulumutsa anthu ndi kuloledwa kupeza munthu wachiwiri wosainira nawo, amene amasenza udindowo mpaka wobwerayo atakhala nzika kapena atagwira ntchito zaka pafupifupi khumi. Otsutsa lamulo la Canada amaikonda njirayi chifukwa imaika pangano m'manja mwa munthu amene ali ndi ndalama zenizeni. Koma tanthauzo lake n'lakuti ukwati wa munthu waulumali umadalira ngati ali ndi mlongo, malume kapena mnzake wolemera amene angavomere kusenza ngongole ya mlendo. Wopanda m'bale wotero amakhala yekha.

Ikanakhala nkhani ya ndalama yokha, otsutsa sakanakhala ndi zambiri zonena. Koma ali ndi mfundo ina yolemera, imene ovomereza amakonda kuilambalala, ndipo ndi yokhudza anthu awiri a m'nyumbamo.

Ukwati umene mmodzi ali ndi chiphaso cha dziko lolemera koma thupi likumuvuta, winayo ali ndi mphamvu koma akusowa njira yotulukira kwawo, ukhoza kukhala wachikondi chenicheni, ndipo ambiri ndi otero. Ukhozanso kukhala malonda. Kudyerana masuku pamutu kumachitika mbali zonse ziwiri. Munthu waulumali amene wakhala zaka zambiri ali yekhayekha, wopeza anzake pa Facebook ndi pa WhatsApp, ndi wosavuta kumunyengerera. Wina akhoza kumukwatira, kulandira chilolezo, n'kuchoka patatha miyezi itatu, n'kumusiyira pangano la zaka zitatu. Mbali inayo, mkazi wochokera kutali akhoza kufika n'kupeza kuti anaitanidwira kudzasambitsa, kudzanyamula ndi kudzaphikira munthu usana ndi usiku popanda malipiro, popanda tsiku lopuma, m'dziko limene sadziwa aliyense. Abale a mwamunayo, amene ntchitoyi inawatopetsa kalekale, amapumira m'mwamba. Iye akadandaula amakumbutsidwa amene anamubweretsa.

Ku Canada, boma la Stephen Harper linayesa kuthana ndi vuto loyambalo. Mu 2010 linakhwimitsa lamulo kuti ukwati ukanidwe ngati si weniweni kapena ngati cholinga chake chachikulu chinali kupeza chilolezo, pamene kale pankafunika zonse ziwiri. Mu March 2012 linaletsa munthu amene anabwera moitanidwa kuitanitsa mkazi kapena mwamuna wina zaka zisanu zisanathe. Mu October chaka chomwecho, nduna Jason Kenney anabweretsa chilolezo chongoyembekezera: amene akhala pa ubwenzi zaka ziwiri kapena kucheperapo ndipo alibe mwana, azikhala nyumba imodzi zaka ziwiri, apo ayi wobwerayo alandidwa chilolezo. Mankhwala a vuto loyamba anakulitsa vuto lachiwiri. Mabungwe othandiza amayi anati lamuloli likumangirira akazi kwa amuna owazunza, chifukwa ngakhale linali ndi mpata wa ochitidwa nkhanza, ambiri sankaudziwa kapena ankaopa kuugwiritsa ntchito. Boma la Justin Trudeau linachotsa lamuloli mu April 2017. Chiletso cha zaka zisanu chija chilipobe.

Phunziro la zaka za chilolezo chongoyembekezera chija limagwira mbali zonse ziwiri za mtsutso uno. Ngozi imene otsutsa amanena ndi yeniyeni. Koma ngozi yomweyo imapezekanso m'maukwati a anthu opanda ulumali, a madalaivala a mathiraki ndi a madokotala omwe, ndipo palibe amene amati madokotala aletsedwe kuitanitsa akazi awo. Chida chothanirana nayo ndi chimene ofesala ali nacho kale, chofufuza ngati ukwatiwo ndi weniweni: zithunzi, mauthenga, maulendo, ndi ngati abale a mbali zonse akuudziwa. Apa ukwati wa chinkhoswe umene ankhoswe a mbali zonse anakhalirapo pansi, mboni zilipo ndipo unalembetsedwa, uli ndi umboni wochuluka kuposa wa anthu awiri amene anangolowa mu ofesi n'kusainira. Chofunika kusamala nacho n'chakuti kuyambira June 2015 Canada sivomereza ukwati umene mmodzi wa okwatiranawo sanalipo ndi thupi lake, kaya anaimiriridwa ndi mchimwene wake kaya analankhula pa foni. Kwa munthu amene ulendo wa pandege wa maola makumi awiri ndi chipsinjo pa thupi lake, lamulo limeneli ndi lolemera kuposa mmene olilemba ankaganizira. Pali njira ya anthu okondana amene zopinga zenizeni zawalepheretsa kukwatirana kapena kukhala limodzi, koma ndi yopapatiza ndipo imafuna umboni wambiri.

Nanga wobwerayo akakhala kuti ndiye waulumali? Ndime 38 imalola kukana mlendo amene matenda ake angadye ndalama zambiri za zipatala ndi za chisamaliro, ndipo ndi imene inabweretsa mlandu wa Hilewitz, wamalonda wa ku South Africa amene anakanidwa chifukwa cha ulumali wa mwana wake mpaka khoti lalikulu linagamula mu 2005 kuti ofesala aziona kuthekera ndi kufunitsitsa kwa banja kulipira lokha chisamalirocho. Koma mkazi, mwamuna ndi ana oitanidwa sakhudzidwa ndi gawo limeneli. Amapimidwa kuchipatala, inde, pofuna kuona matenda opatsirana, koma sangakanidwe chifukwa chakuti chithandizo chawo ndi chodula. Chimene wobwerayo ayenera kudziwa n'chakuti ndalama za ulumali zimene ankalandira kwawo nthawi zambiri sizimutsatira, ndipo akakalembetsa za chigawo zaka zitatu zisanathe, nkhani ya ngongole ija imadzuka.

Chodabwitsa pa mtsutso wonsewu n'chakuti mbali zonse ziwiri zimayang'anitsitsa ofesi ya imigireshoni, pamene banja lenilenilo limakavutikira ku ofesi ina. Chilolezo chimachokera ku boma la ku Ottawa. Ndalama za ulumali zimachokera ku chigawo, ndipo chigawo chimawerengera banja lonse ngati thumba limodzi. Ku Ontario, kuyambira February 2023, munthu waulumali mwiniwake akhoza kupeza $1,000 pa mwezi osadulidwa kanthu. Koma mkazi wake wopanda ulumali amangosiyiridwa $200, ndipo pa dola iliyonse yopitirira pamenepo, theka limachotsedwa pa ndalama za ODSP za banjalo. Mkazi akamabwera ndi $2,200 pa mwezi kuchokera ku ntchito yosamalira okalamba, $1,000 imadulidwa. Akawonjezera maola kuti alipire lendi, kudulako kumawonjezekanso, ndipo akapeza ntchito yabwino ndithu, ndalama za mwamuna wake zikhoza kutheratu.

Zimenezi zimatembenuza mawerengero a otsutsa aja. Iwo ankaopa kuti wobwerayo adzakhala mtolo kwa okhoma msonkho, koma kumene mkazi akugwira ntchito, chigawo ndicho chimapindula: chimalipira zochepa kwa mwamuna, chimatolera msonkho kwa mkazi, ndipo ntchito ina yosamalira imene chikanalipira anthu obwera pakhomo imagwiridwa ulere. Wosenza mtolo ndi mlendo uja amene boma linkati adzasamalidwa. Pa pepala, mwamuna analonjeza kudyetsa mkazi zaka zitatu. M'nyumba, mkazi ndiye akudyetsa mwamuna, ndipo mwamunayo, amene kale anali ndi ndalama zakezake ngakhale zochepa, tsopano amapempha ya basi kwa mkazi wake. Omenyera ufulu wa aulumali ku Canada akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti dongosolo limeneli limalanga munthu chifukwa chokwatira, ndipo madandaulo omwewo amamveka ku United States, kumene anthu awiri a pa SSI akakwatirana ankalandira $1,450 mu 2025 m'malo mwa $967 aliyense, ndipo katundu amene amaloledwa kusunga, $2,000 kwa mmodzi ndi $3,000 kwa banja, sanasinthe kuyambira 1989. Ku Britain, Personal Independence Payment siyang'ana malipiro a aliyense, koma thandizo la opeza zochepa la Universal Credit limawerengera malipiro a mkazi ngakhale mkaziyo sakuloledwa kulandirapo kanthu.

Ngati cholinga chili kuteteza anthu awiriwa kuti wina asadyere mnzake masuku pamutu, kutseka khomo la ndime 133 sikungathandize, chifukwa kungangolekanitsa mabanja enieni pamodzi ndi achinyengo omwe. Chimene chimaika anthu pa ngozi ndi kudalirana mopanda pothawira: mkazi amene sangachoke chifukwa sadziwa ufulu wake kapena akuopa kusiyira mwamuna ngongole, ndi mwamuna amene sangadandaule chifukwa ndalama zake zinadulidwa ndipo amene amamutembenuza pa bedi ndi yemweyo amene akugwira chikwama. Woitanitsa akanasiyiridwa ndalama zake za ulumali mosayang'ana malipiro a mkazi, ngakhale kwa zaka zitatu za pangano zokhazo, lonjezo limene otsutsa amati ndi lachabe likanakhala ndi kanthu kumbuyo kwake. Otsutsa adzati zimenezo ndi ndalama zinanso za okhoma msonkho, ndipo akunena zoona; banja la dokotala wokwatiwa ndi munthu waulumali likanamalandirabe chithandizo chimene silikuchisowa. Koma pakati pa kudula kuyambira pa $200 ndi kusadula konse pali mtunda wautali, ndipo chigawo cha Ontario chinasonyeza kale mu 2023 kuti mzerewo ukhoza kusunthidwa chikafuna.

Boma la ku Ottawa linali ndi mwayi wosonyeza njira ina pamene linakhazikitsa Canada Disability Benefit, thandizo latsopano limene nyumba ya malamulo inavomereza mu June 2023. Ndalama zoyamba zinatuluka mu July 2025, zosapitirira $200 pa mwezi. Nazonso zimawerengedwa potengera ndalama zimene mwamuna ndi mkazi apeza pamodzi, kotero mkazi woitanidwa uja akayamba kulandira malipiro abwino, zimayamba kuchepa monga za chigawo zija.